Kodi Mbande Khumi Zibweza Mtengo Umodzi?

Pa malamulo khumi a Mulungu, lachisanu ndi chiwiri ndilo limene akatekisiti savutika nalo pophunzitsa, pakuti ngakhale mwana wamng'ono adziwa kuti kuba nkoipa. Chimene anthu amaiwala msanga ndi mchira wa chiphunzitsocho, wakuti wakuba sakhululukidwa ndi misozi yokha ayi, koma ayenera kubweza chimene anatenga, kapena kukonza chimene anaononga, monga momwe angathere. Wakuba mbuzi abweze mbuzi. Wotentha nkhokwe ya mnzake aluke ina, nathiremo chimanga. Zakeyo wa ku Yeriko anamvetsa zimenezi, nalonjeza pamaso pa Ambuye kuti adzabweza kanayi kwa yense amene anamdyera masuku pamutu. Kufikira pamenepa nkhani njoongoka.

Koma ulipo mlandu wina umene suweruzika msanga chotero. Munthu wakwera phiri ndi nkhwangwa, wagwetsa mtengo wa mombo umene unali chiimire agogo ake asanabadwe, nauotcha makala. Patapita miyezi chikumbumtima chamluma. Mvula itagwa wapita ku nazale, watenga mbande khumi, nazibzala pamalo pomwepo. Pa masamu a kusukulu munthuyu wabweza kakhumi, wapambana ndi Zakeyo yemwe. Tsono akafika kwa katekisiti wa kwao nafunsa ngati ngongole yake yatha, kodi katekisitiyo amuyankhe chiyani?

Yankho lake silipezeka poyang'ana masamba ndi nthambi. Liyenera kufunidwa pansi, kumene maso safika.

Dothi lili ndi mphamvu yosenza zolemera, koma likakokedwa silichedwa kung'ambika. Muzu ndi wosiyana: susenza kanthu, koma kuti uduke pokoka pafunika nyonga. Aliyense amene anamangapo nyumba yomata adziwa kuti dothi lokha silingaime ngati chipupa. Liima chifukwa m'kati mwake muli nsichi ndi timitengo topingasa tomangidwa ndi luzi. Amisiri a masiku ano achita chimodzimodzi poika zitsulo m'kati mwa simenti. Pa phiri Mlengi anachita kale zomwezo. Mizu yoyenda chopingasa imalukana ndi ya mitengo yoyandikana nayo ngati mphasa, ina imatsika kukalowa m'ming'alu ya thanthwe nimangirira dothi la pamwamba ku mwala wa pansi. Mvula ikachuluka, dothi likakhuta madzi nilemera, nilifuna kutsetsereka, mizu ndiyo imakokedwa, niikana. Ndiponso masamba amamwa madzi a m'nthaka tsiku ndi tsiku, kotero kuti dothi la pansi pa nkhalango limayamba dzinja lili ndi malo olandirira mvula.

Apa pali chinthu chodabwitsa chimene akatswiri anapeza poyesa mizu ndi makina oikoka mpaka kuduka. Poyerekeza ndi kukula kwake, kamuzu kakang'ono nkolimba kupambana muzu wonenepa. Muzu ukamakula, mphamvu ya kachigawo kalikonse ka muzuwo imatsikako. Udzu wa vetiva, umene alimi ambiri audziwa pa akalozera, uli ndi timizu tosafika ndi milimita imodzi yomwe kunenepa kwake, koma kulimba kwa timizuto kukwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 a kulimba kwa chitsulo wamba. Chifukwa chake nkulakwa kunena kuti mbande ilibe mphamvu mwa chibadwa chake. Timizu take ntolimba ndithu. Vuto lake nlakuti ntochepa, ntafupi, ndipo sitinagwirane ndi ta mnzake. Dothi lonse limene mbande ya chaka chimodzi yagwira, munthu angathe kulinyamula m'chidebe.

Zaka ndizo zimasintha zimenezi. Chaka ndi chaka mizu imachuluka, imatalika, imazama, imakhwima nisanduka mtengo weniweni. Muzu wonenepa ngati mkono wa munthu, ngakhale kachigawo kake sikalimba ngati ka kamuzu kakang'ono, wonse pamodzi sungaduke ndi mphamvu imene ingadule timizu mazana. Ndipo pa muzu waukulu uliwonse pamamera timizu tina tosawerengeka. Mtengo wakale uli nazo zonse ziwiri, zingwe zazikulu ndi ulusi womwe. Palibe feteleza, palibe kuthirira, palibe lamulo la boma limene lingapatse mbande m'chaka chimodzi chimene mtengo unasonkhanitsa m'zaka 40.

Chinyengo chachikulu chili pa zimene zimachitika mtengo utadulidwa. Mizu yake siichoka tsiku lomwelo. Ikhala m'nthaka, nigwirabe dothi chaka choyamba ndi chachiwiri. Mvula igwa, phiri siligwedezeka, ndipo wodula uja anena mumtima mwake kuti akuluakulu ankangoopseza anthu. Koma pansi kuwola kwayamba. Timizu tating'ono, tolimba tija, ndito tiyamba kufumbwa. Ikuluikulu itsatira pang'onopang'ono, nisiya mphako m'mene madzi amalowa. Mphamvu ya mizu yakale ikutsika, ya mbande zatsopano sinakwere. Pakati pa ziwirizi pali mpata wa zaka zingapo pamene phiri lilibe mwini woligwira. Akatswiri amene anawerenga kugumuka kwa nthaka m'mapiri a ku America, ku Japan ndi ku New Zealand anapeza kuti nthawi yoopsa kwambiri iyambira zaka ngati 3 kufikira zaka ngati 15 nkhalango itadulidwa, ngakhale pamene mitengo ina inabzalidwa m'malo mwake.

Umboni woonekeratu unapezeka ku New Zealand m'mwezi wa Malichi 1988, pamene namondwe wotchedwa Bola anagwetsa mvula yoopsa m'mapiri a kufupi ndi mzinda wa Gisborne, m'malo ena pafupifupi mamilimita 900 m'masiku atatu. Mvula itatha, akatswiri anayerekeza mitsetse ya mapiriwo. Kumene kunali msipu wa nkhosa nthaka inagumuka kwambiri. Kumene kunali mitengo ya paini yosakwana zaka 6 zinthu sizinasiyane kwenikweni ndi kumsipu kuja. Koma kumene paini anali atapitirira zaka 8, ndi kumene kunali nkhalango yachilengedwe, kugumuka kunali kochepa kwambiri. Mvula inali imodzi, mtundu wa mtengo unali umodzi. Chosiyana chinali msinkhu. Ndipo paini ndi mtengo wokula msanga. Mitengo ya m'mapiri a kuno, monga mombo, tsamba ndi mlombwa, ifuna zaka zambiri kuposa pamenepo.

Anthu a m'chigawo cha kummwera safunika kupita kutali chotero kuti amve tanthauzo la kugumuka kwa phiri. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakhuthula mvula masiku angapo osaleka, ndipo matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche nkukwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. Zotere zinachitikanso ku Chiradzulu, ku Phalombe ndi ku Mulanje. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa osapezekanso. Phiri la Soche, limene akuluakulu akumbukira lili lobiriwira ndi mitengo, linali litatsala mbee.

Komabe pano mkhristu ayenera kugwira lilime lake. Mizu ya mitengo imagwira makamaka dothi la pamwamba, mita imodzi kapena ziwiri. Nthaka ikang'ambika pansi pa muyeso umenewo, phiri limatsika ndi mitengo yake yomwe, mizu ili m'mwamba. Napolo anatsika ku Zomba m'mwezi wa Disembala 1946, mitengo ikali yambiri m'dziko muno, natsikanso ku Phalombe m'mwezi wa Malichi 1991. Nkhalango imachepetsa ngozi, siithetseratu. Ndipo amene angayese kunena kuti omwalira ku Chilobwe anakolola zimene anafesa, akumbukire mmene Ambuye anadzudzulira maganizo otere pa nkhani ya anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera. Pakati pa omwalirawo panali amayi ndi ana amene sanagwirepo nkhwangwa pa phiri limenelo.

Mfundo imeneyi ndiyo ithandiza kuweruza mlandu uja. Amene adula sindiye amene phiri limamgwera. Wodula mtengo pamtunda sanabere mtengo, pakuti mtengo ulibe mlandu ndi munthu. Wabera amene agona kumunsi, amene mwina samdziwa ndi dzina lomwe, ndiponso ana amene adzabadwire m'nyumba zimenezo. Ndipo chimene wawabera si nkhuni. Nkhuni zigulika pa msika. Wawabera zaka, zonse zimene mtengo uja unadya polukana ndi nthaka, ndi zonse zimene phiri lidzakhala lopanda choligwira. Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya m'chaka cha 2015, anaphunzitsa kuti chilungamo sichithera pakati pa anthu okhala ndi moyo nthawi imodzi, koma chifika ndi kwa mibadwo yakutsogolo. Pa phiri chiphunzitso chimenechi chingathe kupimidwa ndi khasu.

Tsono katekisiti sangamuuze munthu uja kuti ngongole yatha. Koma sangamuuzenso kuti wagwira ntchito yachabe. Mpingo uphunzitsa kuti amene sangathe kubweza zonse nthawi imodzi abweze pang'onopang'ono. Ngongole yake yaimikidwa, sinafafanizidwe. Tsiku lobzala ndilo tsiku loyamba kulipira, ndipo ndilo lopepuka pa masiku onse. Kulipira kwenikweni ndiko kupalira mbandezo, kuzitchinga kuti mbuzi zisadye, kulambula udzu kuzungulira moto usanayambe, kubzala ina pamene chiswe chapha, ndi kuchita zimenezi chaka chino, chaka chamawa ndi mkuja, kufikira mizu itagwirana pansi. Mbande khumi zimene zinauma m'chilimwe choyamba sizinabweze ndi nthambi imodzi yomwe.

Apa maparishi ambiri ali ndi mlandu wawo. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno iyamba pa 15 Disembala nkutha pa 15 Epulo, ndipo chaka ndi chaka pamakhala mwambo wokoma: bambo mfumu adalitsa mbande, kwaya iimba, alendo olemekezeka agwada nabzala kamtengo kamodzikamodzi, zithunzi zijambulidwa. Kenaka kalata ipita ku dayosizi yonena kuti mitengo yobzalidwa ndi yakutiyakuti. Koma kalata yonena kuti mwa mitengo imene inabzalidwa zaka zitatu zapitazo yatsala ingati siioneka kawirikawiri. Chiwerengero choyamba chikondweretsa anthu. Chachiwiri chokha ndicho chimene phiri limva. Akatekisiti sayenera kudabwa nayo mfundoyi, pakuti ya kwao komwe. Ansembe a chipani cha White Fathers, amene anakhazikitsa misiyoni ya Mua m'chaka cha 1902, ankasunga munthu m'kalasi zaka zinayi asanambatize, potsata lamulo la Cardinal Lavigerie. Ena ankadandaula kuti nzochedwa. Ansembewo ankadziwa kuti kuwerenga obatizidwa nkosavuta, koma chimene chidzagwira munthu pa tsiku la mayesero sichimera m'sabata imodzi.

Wina adzatsutsa, ndipo kutsutsa kwake nkwanzeru. Adzati: wootcha makala si chigawenga. Ndi bambo amene munda wake sunabereke, mwana wake wabwezedwa kusukulu, mkazi wake ali chigonere. Kodi nchilungamo kumsenzetsa ngongole ya zaka khumi munthu amene sadziwa chimene adye mawa? Zoonadi Mpingo suyesa mbala munthu amene watenga chofunika kuti apulumutse moyo pa usiwa woopsa, pakuti zabwino za dziko lapansi Mulungu anazilengera anthu onse. Kulakwa kwa munthu wotere pamaso pa Mulungu kungathe kukhala kochepa, mwinanso kosakhalapo. Koma phiri silifunsa chifukwa chimene mtengo unadulidwira. Mizu iwola chimodzimodzi, kaya anadula ndi mmphawi kaya ndi wadyera. Ngongole ilipobe, funso nlakuti ndani aisenze.

Ndipo chiphunzitso chomwecho chinena kuti udindo wobweza ugwera onse amene anathandiza kapena kupindula ndi chotengedwacho, aliyense monga mwa gawo lake. Thumba la makala silikwera njinga usiku kupita kutauni popanda woligula. Mabanja ambiri a m'mizinda aphikira makala, osauka ndi olemera omwe, ngakhale ena amene ali ndi magetsi m'nyumba. Njerwa zimene zinamanga matchalitchi, masukulu ndi nyumba za ansembe zinaotchedwa ndi mitengo yakale, pakuti wootcha njerwa safuna timitengo. Kukanakhala kuti aliyense amene anawotha moto wa phiri anasenzako gawo lake la zaka zija, wootcha makala sakanatsala yekha ndi katundu. Sikoyenera kuti mlaliki amene nsima yake yaphikidwa pa mbaula aloze chala munthu amene anabweretsa makalawo.

Pali chinthu chimodzi chimene chifewetsa mlandu wonsewu, ndipo nchachifundo chimene Mlengi anabisa m'mitengo ya kuno. Paini akadulidwa wafa, chitsa chake sichiphukanso. Koma mombo, tsamba, msuku ndi mitengo yambiri ya m'tchire la kuno siitero. Chitsa chake chimaphukira, ndipo chikaphukira mizu yambiri yakale ikhalabe ndi moyo, pakuti masamba atsopano aidyetsa. Mitengo imeneyi inazolowera kuyamba ndi pansi. Kamtengo ka mlombwa kamatha zaka zingapo kakuphuka dzinja nkuuma nsonga chilimwe, munthu nkumayesa kuti sikakula, pamene muzu wake ukunenepa mobisika; tsiku lina muzuwo utakwana, thunthu limakwera osabwereranso. Chitsa chimene chioneka ngati chakufa m'munda chingathe kukhala ndi mizu ya zaka makumi angapo.

Mmishonale wina wa ku Australia, Tony Rinaudo, anazindikira zimenezi ku Niger, m'dera la Maradi, m'chaka cha 1983. Anali atatopa ndi kubzala mbande zimene zinkangofa ndi dzuwa ndi ziweto. Tsiku lina anayang'anitsitsa tizitsamba timene tinali mbwee m'minda, napeza kuti si zitsamba ayi, koma mphukira za zitsa za mitengo imene inadulidwa kale. Anayamba kuphunzitsa alimi kuti posadzula asankhe mphukira zochepa zamphamvu pa chitsa chilichonse, achotse zinazo, naziteteze. Mitengo inakula msanga kuposa yobzala, popeza inali ndi mizu yokonzeratu, ndipo njira imeneyi inabwezera mitengo m'minda ya mahekitala mamiliyoni m'dziko louma limenelo. Alangizi a zankhalango aphunzitsa njira yomweyo kuno.

Chifukwa chake pali kudula kuwiri, ndipo kwachiwiri nkoipa kuposa koyamba. Amene wagwetsa thunthu watenga zaka za pamwamba. Amene abwerera kudzazula chitsa, kapena kuunjika zinyalala pamenepo nkuyatsa moto, kapena kusadza mphukira zonse chaka ndi chaka kufikira muzu utatopa, ndiye amene wapha zaka za pansi. Nchachisoni kuti nthawi zina anthu a mtima wabwino, pokonza malo a mwambo wobzala mitengo, amayamba ndi kuchotsa zitsa zamoyo kuti mizere ya mbande iwongoke bwino. Ataya mizu ya zaka 30 kuti abzale ya miyezi itatu. Momwemonso anyamata osaka mbewa, amene atentha tchire chilimwe chilichonse, saononga mitengo ikuluikulu kwenikweni. Apha timitengo ndi mphukira, zimene zikanadzakhala mitengo yakale ya adzukulu awo. Pakuti nayo mitengo yakale imafa, ndipo nkhalango ya nkhalamba zokhazokha, yopanda yolowa m'malo, ili ndi mpata wake umene ukudza.

Pamene chitsa chafa ndithu, mpata uja ungathe kuchepetsedwa koma osatsekedwa. Mizere ya vetiva yodulira mtsetse igwira dothi la pamwamba msanga, pakuti pa nthaka yabwino mizu yake itsika mamita awiri kapena atatu m'chaka choyamba. Nsungwi zithandiza m'mphepete mwa zigwembe. Zimenezi zili ngati mlonda woyembekezera mwini nyumba; zigwira ntchito pamene mitengo ikukula. Ndipo m'zaka zimenezo chikondi cha pa mnansi chifunanso kuti okhala kumunsi auzidwe zoona, kuti phiri lobzalidwa chaka chatha silinachire, ndi kuti mvula ikagwa masiku atatu osaleka asagone m'nyumba za m'njira ya madzi pokhulupirira timitengo tofika m'mawondo.

Tsono katekisiti asanayankhe munthu uja, amtume kaye kuphiri. Nthawi yabwino ndi mwezi wa Seputembala kapena Okutobala, mvula isanagwe, pamene mitengo ya mombo ndi tsamba imatulutsa masamba ofiira. Akapeza kuti chitsa chija chatulutsa mphukira, ngongole yake yafupika: asankhe ziwiri kapena zitatu zoongoka, achotse zotsalazo ndi mpeni wakuthwa, alambule udzu kuzungulira, ndipo mbande zake khumi zikhale zoonjezera. Akapeza kuti ng'anjo ya makala inapserezera chitsacho, kuwerenga kuyambira pa chaka chimene anabzala. Ngati ndi munthu wachikulire, mwina sadzaona tsiku limene mizu ya mitengo yakeyo idzagwirane. Pamenepo atenge mwana wake kapena mphwake, akwere naye, amuonetse mtengo uliwonse pamene uli, namuuze kuti unabzalidwa chaka chiti.